Kusintha ma tie rod end pa 4x4 yakale: yezani kaye musanagwire sipanala

Galimoto ya 4x4 ikakalamba, zinthu zambiri zimayamba kulira ndi kugwedera. Zina mukhoza kuzipirira mpaka mutapeza ndalama, monga chitseko chosatsekeka bwino kapena ekizozi yobooka. Tie rod end siili m'gulu limenelo. Ndi kachitsulo kokwana m'dzanja, koma ndi komwe kamafikitsa mphamvu ya chiwongolero ku tayala, ndipo kakazuka galimoto ili pa liwiro, tayala limaloza komwe lafuna, inu mutagwira chiwongolero chopanda ntchito. Amene amatsika phiri la Zomba kuchokera ku damu la Mulunguzi, m'makona aja mbali ina kuli phompho, akudziwa chomwe ndikunena.

Kuno kwathu tizitsulo timeneti sitikhalitsa. Msewu wa ku Chingale, wa ku Kachulu kunyanja ya Chilwa, ndi njira za m'nkhalango pamwamba pa phiri zopita ku Chingwe's Hole, chilimwe ndi fumbi ndi maenje, dzinja ndi matope ndi madzi. Mkati mwa tie rod end muli kampira kachitsulo kozungulira m'chikho chake, kali mu girizi, ndipo zonsezi zatchingidwa ndi kalabala. Kalabalako kakangong'ambika girizi amatuluka, madzi ndi mchenga zimalowa, kampira kaja kamayamba kudyeka mpaka kumagwedera m'chikho mwake. Mukakalekerera kamazuka.

Ntchito yosintha ndi yotheka pakhomo, kwa munthu amene anagwirapo sipanala ndipo sapupuluma. Ambiri amaopa kugulula yakaleyo poti imakakamira, koma ine ndimaona kuti pamenepo si poopsa. Poopsa ndi pawiri pomwe anthu amakonda kudumpha: kuyeza musanamasule, ndi kukhoma nati moyenera mukamaliza.

Kutsogolo kwa galimoto yanu n'kotani?

Gwadani muyang'ane pansi. Ngati matayala awiri akutsogolo ali pa ekiselo imodzi yolimba yokhala ndi difu, monga pa Land Cruiser 70 ndi 80, Nissan Patrol Y60, Land Rover Defender, kapena Hilux LN106 ya pakati pa 1988 ndi 1997, muona paipi yaitali yochoka ku tayala lina kukafika ku linzake. Imeneyo ndiyo tie rod, a Land Rover amati track rod, ndipo kunsonga zake zonse ziwiri kuli tie rod end. Palinso chitsulo china chochokera ku bokosi la chiwongolero kupita ku tayala limodzi, drag link. Ziwirizi musazisokoneze. Tie rod imasunga matayala awiri kuti aziloza kumodzi, pomwe drag link ndi yomwe imawakankha mukamakhota.

Ngati tayala lililonse lili ndi mikono yakeyake, monga pa Pajero, Isuzu KB ndi Hilux zomwe zinabwera pambuyo pa LN106, mbali iliyonse ili ndi ka tie rod kakafupi kokhala ndi end yamkati ndi yakunja. Zatsopanoko monga Hilux Vigo zili ndi rack (chitsulo cha mano choyenda uku ndi uku, m'malo mwa bokosi la chiwongolero), ndipo end yakunja imatsekedwa ndi nati imodzi m'malo mwa clamp, kachitsulo ka bawuti kofinya nsonga ya paipi. Ine ndifotokoza motsatira ya ekiselo yolimba, koma mfundo zake ndi zomwezo.

Tsimikizani kaye kuti vuto ndi limeneli

Zizindikiro zake ambiri mumazidziwa. Galimoto imayendayenda pamsewu inu mukulimbana nayo kuti iwongoke, chiwongolero chimatembenuka ndithu matayala asanamve, kutsogolo kumagogoda mukamakwera mahampu a m'tauni, matayala amadyeka m'mphepete. Koma zonsezi zikhozanso kuchokera ku beringi ya wilo, mabushi otha, ma kingpin (pomwe tayala limatembenukira pokhota) kapena bokosi la chiwongolero, ndiye musathamangire kushopu musanagwire ndi dzanja.

Imikani galimoto pamalo osalala, matayala onse ali pansi, injini yozima koma kiyi mutamutembenuza kuti chiwongolero chisakhale chokhoma. Mnzanu akhale pa mpando azigwedeza chiwongolero uku ndi uku, mongokwanira kuti matayala ayambe kusuntha. Inu gonani cham'mbali ndi tochi, ikani dzanja pa end iliyonse mokhudza chikho ndi mkono wa tayala (chitsulo chomwe end yamangidwako) pamodzi, zala musazilowetse pakati pa zitsulo. End yabwino imasuntha limodzi ndi mkonowo nthawi yomweyo. Yotha mumaimva ikudumpha kaye, khu khu, mkono usanasunthe. Yesani zonse, za drag link zomwe.

Mukakweza tayala pa jeke, ligwireni kumanja ndi kumanzere n'kuligwedeza: kugwedera kwa mbali imeneyi n'kwa zitsulo zowongolera. Ligwireninso pamwamba ndi pansi. Likagwedera choncho, yang'anani beringi ya wilo kapena kingpin, tie rod end ilibe mlandu. Chinanso, paipi ya tie rod ikamapendekeka pang'ono mukaipotoza ndi dzanja, musadandaule, inapangidwa kuti izitero. Choipa ndi kudumpha m'mwamba ndi pansi kapena m'litali.

Imodzi ikatha, sinthani zonse ziwiri za pa paipi imeneyo. Zinayenda misewu imodzimodzi, ndipo kuyeza matayala kawiri n'kodula kuposa end yachiwiriyo.

Kugula

Tengani nambala ya chasisi, osangonena kuti "ya Land Cruiser". Galimoto za dzina limodzi zimasiyana kukula kwa mathiredi ndi kusongoka kwa chikhomo chomwe chimalowa m'bowo la mkono wa tayala. Chikhomo chosagwirizana ndi bowo lake chimatha kulowa, nati n'kumangika bwinobwino, koma chimangogwira pamwamba kapena pansi pokha, ndipo chimakulitsa bowolo mpaka mudzafune mkono wina.

Pa paipi yaitali ija, end imodzi ili ndi mathiredi a kumanja, inayo a kumanzere. Anapanga dala chotero kuti mukazunguza paipi yokha, tie rod italike kapena kufupika popanda kugulula chilichonse. Pa kauntala pomwepo tsegulani mabokosi onse awiri, muike ma end pafupi muone kuti mizere ya mathiredi yapendekera mosiyana. Kufika kunyumba ndi za kumanja ziwiri kumachitika kawirikawiri, ndipo ngati munagula ku Limbe ndiye kuti ulendo wina wa pa M3 wakupezani. Onaninso kuti m'bokosi muli nati ndi split pin (kapini ka miyendo iwiri kotsekera nati), kalabala ndi kofewa kopanda ming'alu, ndipo chikhomo n'cholimba posuntha ndi dzanja. Chatsopano chikamagwa chokha uku ndi uku, chisiyeni. Amakaniko ambiri amakhulupirira za 555 za ku Japan kapena za kampani yomwe inapanga galimoto, koma mabokosi achinyengo aliponso, ndiye mtengo ukatsika modabwitsa muzikayika.

Ndikudziwa kuti chigwere kwacha mu Novembala 2023 masipeya akwera koopsa, ndipo mayesero ndi aakulu. Komabe ndikupemphani, tie rod end yochotsa pa galimoto ina musaike, ndipo musalole wina kumenya chikho ndi hamala kapena kuchiwotcherera kuti kugwedera kuthe. Kugwederako kumatha masiku ochepa, koma chitsulo chodyekacho sichibwerera, ndipo mwangochotsa chenjezo lomwe chinkakupatsani.

Zida ndi malo

Mufuna jeke, masitandi awiri achitsulo, wilo sipanala, masipanala ndi masoketi a pakati pa 12 ndi 22, pulaya, hamala ziwiri zolemerako, bobojani, bulashi ya waya, mafuta ofewetsa dzimbiri monga WD-40, girizi, tepi yoyezera, choko kapena penti yoyera, ndi pepala lolembapo. Mukabwereka puller ya ma ball joint (chida chokankhira chikhomo kuti chituluke m'bowo) ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira nati) kwa makaniko wodziwana naye, mwachita bwino kwambiri.

Mapuloti ambiri a mu Zomba ndi otsetsereka. Pezani pathyathyathya ndi polimba, kokani handibuleki, lowetsani giya yoyamba, ikani miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala akumbuyo. Masulani pang'ono manati a matayala akutsogolo galimoto ikadali pansi, kwezani, ikani masitandi pansi pa ekiselo, kenako chotsani matayala n'kuwagoneka pansi pa chasisi. Njerwa si sitandi. Zimaphwanyika popanda chenjezo, makamaka mukayamba kumenya ndi hamala, ndipo Land Cruiser imalemera matani opitirira awiri. Madzulo a dzulo lake, pukutani matope ndi bulashi ya waya n'kuthira mafuta pa manati, pa ma clamp ndi pomwe mathiredi akulowa mu paipi, agonere.

Kuyeza

Pano musafulumire. Utali wa tie rod ndi womwe umanena ngati matayala aloza molunjika, mopanirana kutsogolo kapena motangadza. Kusiyana kwa mamilimita ochepa kokha kumakwanira kudya tayala latsopano mbali imodzi ndi kuchititsa galimoto kuyendayenda. Mukamasula musanayeze, mulibe poyambira.

Wongolani matayala, chiwongolero chikhale pakati. Kunsi kwa chikho cha end iliyonse kuli kachivundikiro kozungulira, ndipo ena ali ndi kampopi ka girizi pakati penipeni. Yezani kuchokera pakati pa chikho china kufika pakati pa chinzake, mu mamilimita, mnzanu atagwira tepi ku nsonga inayo. Yezani kawiri, lembani. Nambala imeneyi ndiyo yofunika kuposa zonse. Yezaninso mbali iliyonse kuchokera kumapeto kwa paipi kufika pakati pa chikho, ndipo werengani mathiredi omwe akuoneka kunja. Lembani paipi ndi choko kuti mudziwe mbali ya dalaivala, ndipo jambulani ndi foni momwe ma clamp akhalira, makamaka komwe mabawuti ake aloza.

Ambiri amangodalira kuwerenga kuti end yakale yazungulira kangati potuluka, n'kulowetsa yatsopano kofanana. Kuwerengako n'kothandiza, muchite ndithu, koma kokha sikukwanira, chifukwa end ya kampani ina imatha kukhala yotalikirapo kapena yofupikirapo. Zikasemphana, mverani tepi.

Poyezapo yang'anitsitsani paipiyo m'litali mwake. Ngati inagundapo mwala kapena chitsa n'kupindika, gulani ina. Paipi yowongola pamoto imakhala yofooka ndipo imadzapindikanso pomwepo.

Kugulula zakale

Yambani ndi ma clamp: masulani mabawuti ake, ndipo ma end akadali omangika ku mikono ya matayala, gwirani paipi ndi bobojani muizunguze pang'ono uku ndi uku kuti dzimbiri lisweke, kenako ibwezereni pomwe inali. N'kosavuta kuchita zimenezi pagalimoto kusiyana ndi paipi ili pansi ikugubuduzika.

Tsopano wongolani miyendo ya split pin ndi pulaya muizule. Ikathyokera m'kati, ikhomeni ndi kachitsulo kowonda. Masulani nati, koma musaichotseretu: isiyeni ili pamwamba pa chikhomo, yafanana ndi nsonga yake. Ikatero imateteza mathiredi, komanso imagwira paipi kuti isakugwereni kumaso chikhomo chikamasuka.

Mudzapeza kuti ngakhale nati yamasuka, chikhomo sichikusuntha. Sikuti chachita dzimbiri ayi. Chikhomocho n'chosongoka, bowo lakenso n'losongoka, ndipo zimagwirana ngati msuka wa khasu mu mpini: pogulula khasu mumagogoda mpini, osati khasulo. Apanso chimodzimodzi. Ngati muli ndi puller, ikani bwino, mangani mpaka italimba, ndipo nthawi zambiri chikhomo chimaphulika chokha ndi phokoso lalikulu, musadzidzimuke. Ngati mulibe, tsamiritsani hamala yolemera kuseri kwa diso la mkono wa tayala, pomwe chikhomo chadutsa, ndipo ndi hamala inayo menyani mbali ina ya disolo, mwamphamvu ndi molunjika. Kugogoda mwamantha sikuthandiza, pamafunika nkhonya zochepa koma zenizeni. Kugunda kumeneko kumanjenjemeretsa bowo ndipo chikhomo chimalumpha. Mnzanu akamakanikiza paipi ndi chitsulo chachitali molowera komwe chikhomo chitulukire, zimafulumira. Samalani paipi ya buleki ndi disiki zomwe zili pafupi.

Kumenya pamutu pa chikhomo ndi komwe anthu ambiri amayambira, ndipo n'kolakwika. Mutu umaphwatalala, nati imakana kutuluka, chikhomo chimakana kudutsa m'bowo, ntchito ya mphindi zochepa n'kusanduka yodula ndi sowo. Moto wa gasi pa mkono wa tayala nawonso ayi, chifukwa umafooketsa chitsulo chomwe moyo wanu wadalira, ndipo umawononga masilo ndi girizi wa mu knuckle, chitsulo chomwe mkonowo wagwirako. Chida chonga foloko chomwe ena amakhoma pakati pa chikho ndi mkono chimagwira ntchito koma chimang'amba kalabala, ndiye ndi cha pa end yomwe mukutaya basi.

Zikamasuka mbali zonse, chotsani manati, tsitsani paipi. Imangeni pa vaisi ngati ilipo, osaifinya kunsonga komwe kuli mathiredi. Zunguzani end iliyonse ituluke mukuwerenga, lembani nambala, ndipo kumbukirani kuti imodzi imamasukira mbali yomwe inzake imamangira. Anthu amathyola zida polimbana ndi end ya kumanzere akuimanga m'malo moimasula. Ikakakamira, thirani mafuta pa mng'alu wa paipi, gogodani mozungulira nsongayo ndi hamala yaing'ono, dikirani, yesaninso. Mukapeza kuti mathiredi a m'kati mwa paipi adyeka ndi dzimbiri moti end yatsopano ikugwedera, paipiyo yatha ntchito.

Kumanga zatsopano

Tsukani mathiredi a m'paipi, pakani girizi pang'ono pa mathiredi a end yatsopano kuti wodzasintha mtsogolo asadzavutike, ndipo onetsetsani kuti ma clamp ali kale pa paipi. Lowetsani ndi dzanja. Ikakana poyambirira penipeni musakakamize ndi sipanala, mwina mwasinthanitsa mbali. Zunguzani kofanana ndi momwe munawerengera, kenako tengani tepi: pakati pa chikho kufika pakati pa chikho pakhale nambala ija munalemba. Mathiredi ooneka kunja akhale ofanana mbali zonse ziwiri. Mbali ina ikalowa kwambiri inayo n'kungogwira pang'ono, yogwira pang'onoyo ikhoza kusolotoka pa bampu, ndiye bwezani mugawe mofanana.

Bowo la mkono wa tayala lipukuteni ndi kansalu mpaka liwale, ndipo liyang'aneni. Likhale lozungulira bwino, lopanda mng'alu. Chikhomo chatsopano mukachilowetsa ndi dzanja chikhale osagwedera, ndipo mathiredi okha ndiwo atulukire mbali inayo. Pamenepa girizi ayi. Chikhomo ndi bowo zimafunika zikhale zouma kuti zigwirane.

Musanalowetse, zunguzani chikhomo kuti kabowo ka split pin kaloze komwe mudzathe kulowetsa pini mosavuta. Lowetsani mbali zonse, ikani manati ndi dzanja, kenako mangani. Chikhomo chikamazungulira limodzi ndi nati, kanikizani chikho cholowera m'bowo, ndi jeke yaing'ono ngati chikho chili kunsi, kapena ndi chitsulo chachitali ngati chili pamwamba, mongokwanira kuti chigwire.

Mphamvu yomangira imasiyana kwambiri pakati pa galimoto. Pa Land Cruiser ndi Hilux zakale buku limanena pafupifupi 91 Nm (muyezo wa pa torque wrench), pomwe pa Defender ndi 40 Nm. Apa mukuona kuti mawu oti "ingomangani kwambiri" alibe nzeru: mphamvu ya Toyota pa Land Rover ikhoza kuwononga mathiredi, ya Land Rover pa Toyota isiya chikhomo chisanakhazikike. Onani buku la galimoto yanu, ndipo torque wrench ndi yoyenera kubwereka chifukwa cha manati awiri amenewa.

Nati yake ili ndi mipata pamwamba, ndiyo amati castle nut. Mukafika pa mphamvu yoyenera, yang'anani ngati mpata umodzi walunjika ndi kabowo ka chikhomo. Ngati sunalunjike, pitirizani kumanga pang'ono mpaka mpata wotsatira ufike. Musabwerere m'mbuyo kuti mupeze bowo. Mukamasula ngakhale pang'ono, chikhomo chimapeza mpata wosewera, ndipo split pin singachiletse chifukwa ntchito yake ndi kuletsa nati kuzungulira basi, osati kulimbitsa. Lowetsani split pin yatsopano yodzaza bowo lake, mutu wake ukhale mu mpata wa nati, pindani miyendo yake iwiri mokumbatira nati. Yakale yapindidwa kale ndipo imathyoka. Msomali, waya wa mpanda kapena sipoko ya njinga zomwe timaziona pansi pa galimoto zambiri si zoyenera: zina n'zofewa, zina n'zowonda, zimagwa m'njira inu osadziwa. Split pin ndi chinthu chotchipa kuposa china chilichonse pa ntchito yonseyi. Ngati end yanu yabwera ndi nati ya pulasitiki m'kati yopanda split pin, gwiritsani yatsopanoyo, ndipo mukadzaimasula musadzaibwezerenso.

Ma clamp asiyeni omanga pang'ono chabe pakadali pano. Ngati ma end ali ndi timipopi ta girizi, popani mpaka kalabala katayamba kufufuma, n'kusiya. Kupitiriza kumakaphulitsa. Bwezerani matayala, tsitsani galimoto, mangani manati a matayala modumphitsa.

Kuloza kwa matayala

Ngakhale mutabwezera utali wakale ndendende, kumbukirani kuti muyezo uja munautenga pa ma end otha. Ndiye yezani matayala enieniwo. Mpweya ukhale wofanana mbali zonse, galimoto pamalo athyathyathya. Ikankhireni kutsogolo mamita angapo matayala atawongoka kuti zonse zikhale m'malo mwake, ndipo musaibweze m'mbuyo. Kumbuyo kwa tayala lililonse lakutsogolo, pa msinkhu wa pakati pa wilo, lembani kamzere kowonda pakati pa mapazi a tayala, kapena matani katepi n'kulembapo ndi bolopeni. Yezani kuchokera pa kamzere kena kufika pa kanzake. Kankhirani galimoto kutsogolo mpaka timizere tija tafika kutsogolo pa msinkhu womwewo, yezaninso. Kugwiritsa timizere tomwetomweto kumachotsa chinyengo cha limu yopindika. Ngati masipiling'i kapena difu zikutchinga tepi, tsitsani timizere pang'ono, bola msinkhu ukhale wofanana kutsogolo ndi kumbuyo.

Kutsogolo kukachepa kuposa kumbuyo, imeneyo ndi toe-in. Kukakula, ndi toe-out. Toyota zakale za ekiselo yolimba zimafuna toe-in ya mamilimita ochepa kwambiri, ndipo nambala yake imatengera mtundu wa galimoto ndi wa matayala. Defender, yomwe imakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse, imafuna pakati pa 0 ndi 2 mm ya toe-out. Musatengere nambala ya galimoto ya mnzanu.

Pokonza, zunguzani paipi yokha ndi bobojani. Ngati tie rod ili kutsogolo kwa ekiselo, kuitalikitsa kumatangadza matayala kutsogolo. Ngati ili kumbuyo, monga pa Defender ndi Land Cruiser 80, kuitalikitsa kumawapanitsa. Zunguzani pang'onopang'ono, gawo limodzi la magawo anayi a kuzungulira kwathunthu nthawi imodzi, bwezani galimoto m'mbuyo, ikankhireninso kutsogolo, yezaninso. Zimatenga nthawi, koma ndi pomwe pali ndalama ya matayala anu.

Mukakhutira, musanamange ma clamp, khazikani ma end onse awiri mowongoka pa zikhomo zawo, wina asapendekere kutsogolo mnzake kumbuyo. Ikani ma clamp momwe analili pa chithunzi chija, mabawuti asaloze komwe angakhule sipiling'i, difu kapena steering damper (shoko ya chiwongolero). Mangani molimba koma mosapitirira, chifukwa mabawuti ake ndi ang'onoang'ono. Kenako gwirani paipi muipotoze ndi dzanja: iyenera kupendekeka momasuka mbali zonse. Ikakhala gwa, ndiye kuti ma end akukanizana, ndipo adzatha msanga kapena kuthyoka ekiselo ikamapendekeka m'maenje. Masulani clamp imodzi, wongolani, mangani.

Mnzanu atembenuze chiwongolero mpaka kumapeto kumanja, kenako kumanzere, inu mukuyang'ana ngati pali chokhulana. Chiwongolero chikakhala chopendekeka galimoto ikuyenda molunjika, pa ekiselo yolimba zimenezo sizikonzedwa pa tie rod, mukatero mwaononga toe yomwe mwavutikira. Zimakonzedwa pa drag link, pa galimoto zomwe drag link yake imasinthika utali. Pa za mikono yakeyake ndi pomwe mumafupikitsa mbali ina n'kutalikitsa inayo mofanana.

Kuyesa pamsewu

Ulendo woyamba usakhale wokwera phiri. Yambani m'tinjira ta pafupi, pang'onopang'ono, mukhote uku ndi uku, muponde buleki, mumvetsere. Zikakhala bwino lowani pa tala, monga cha ku Domasi, muonjezere liwiro pang'onopang'ono muone ngati galimoto ikuyenda mowongoka popanda kukokera mbali. Mukabwerako gwadaninso ndi tochi: ma split pin onse alipo, manati sanasunthe, ma clamp ali pomwe munawasiya. Kadontho ka penti yoyera kodutsa pa nati ndi pa mkono kamathandiza kuona msanga ngati china chasuntha. Onaninso pakatha sabata, makamaka mukayenda msewu wafumbi.

Kuyeza kwa tepi n'kokwanira kukufikitsani ku galaja yokhala ndi makina a alaimenti, ndipo pa ekiselo yolimba kukachitika mosamala kumayandikira kwambiri. Pa galimoto za mikono yakeyake makina ndi ofunika ndithu, chifukwa pali camber ndi caster, mapendekedwe ena a tayala, zomwe tepi singaone. Pitani matayala asanayambe kudyeka, ndipo ngati COF (kuyezetsa galimoto ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu) yayandikira, chitani zimenezi musanapite kwa a Road Traffic. Ngati pambuyo pa zonsezi chiwongolero chikugwederabe, bwerezani kuyesa kuja mnzanu akugwedeza chiwongolero, ndipo ulendo uno yang'anani drag link, pitman arm (mkono wa pa bokosi la chiwongolero), idler arm (mnzake wa mbali inayo) ngati ilipo, ndi mabawuti omwe agwira bokosi la chiwongolero ku chasisi.

Nthawi iliyonse yomwe mukusintha oyilo, popani girizi m'ma end ngati ali ndi timipopi, ndipo dzinja chitani zimenezi mukangochoka kowoloka madzi akuya kapena matope ofika m'ma ekiselo. Potsuka galimoto musalozetse madzi amphamvu pa timalabala. Kalabala mukakapeza kang'ambika end ikadali yolimba, kamagulitsidwa pakokha, ndipo kusintha kwake ndi kugulula chikhomo monga tafotokozera, kupukuta, kuika girizi watsopano, kumanga nati pa mphamvu yake ndi kuika split pin ina yatsopano.